Kodi inshuwalansi ya matenda aakulu ndiyofunika kwa ine?

Funso: Ndine mayi wazaka 39, ndili ndi ana atatu. Ndimagwira ntchito yolipidwa pamwezi, pomwe amuna anga amachita bizinesi yomwe mwezi wina imayenda, mwezi wina ayi. Kuntchito tili ndi sikimu ya zachipatala, komanso ndili ndi inshuwalansi ya moyo. Tili ndi ngongole ya nyumba kubanki, kwatsala zaka 11 kuti ithe. Wogulitsa inshuwalansi wina wandiuza kuti ndiwonjezere ina yomwe akuti ndi ya matenda aakulu. Bambo anga anadwala sitiroko ali ndi zaka 58, ndipo ineyo ndimamwa mankhwala a BP. Kodi imeneyi ikusiyana bwanji ndi zomwe ndili nazo kale? Ndiyofunikadi, kapena akungofuna kundidyera ndalama?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chomwe chikukukayikitsanicho. Inde, mukasaina wogulitsayo alandira komishoni, n'chifukwa chake pakamwa pake pali potsekemera. Koma wogulitsa maambulera naye amafuna phindu, ndipo mvula imagwa ndithu. Tiyeni timusiye kaye pambali, tione chinthucho.

Sikimu ya zachipatala imalipira dokotala, bedi ndi mankhwala mpaka pa malire omwe anaikidwa pachaka. Ndalamayo siidutsa m'manja mwanu. Inshuwalansi ya moyo imadikira maliro anu, ikadzatuluka inu simudzaiona. Tsono pakati pa ziwirizi pali munthu amene sanamwalire, koma sakuthanso kudzuka m'mawa n'kupita kuntchito. Kuchipatala amutulutsa, bilu yalipidwa, ali kunyumba akuphunziranso kugwira supuni. Banki ikufuna zake mwezi ndi mwezi, ana akufuna fizi, ndipo wina m'banjamo wasiya zochita zake kuti azidwazika matenda. Munaona bambo anu atadwala, sindikufunika kukufotokozerani zambiri. Inshuwalansi ya matenda aakulu anaipangira munthu ameneyo. Dokotala akatsimikiza kuti muli ndi amodzi mwa matenda olembedwa m'pangano, kampani imakupatsani ndalama yonse kamodzi, muli moyo, ndipo siifunsa malisiti. Mukafuna mumalize nayo ngongole, mukafuna mulembe wokusamalirani, zili kwa inu.

Amene anayambitsa ganizoli sanali munthu wa zachuma. Anali dokotala wochita opaleshoni ya mtima wa ku South Africa, Marius Barnard, mng'ono wake wa Christiaan Barnard. Marius anali m'gulu lotsogoleredwa ndi mkulu wakeyo, lomwe linachita opaleshoni yoyamba yoika mtima wa munthu wina mwa munthu mnzake, ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town m'chaka cha 1967. Chinkamupweteka n'chakuti odwala ake ankachira, koma n'kubwerera kuntchito thupi lisanalimbe chifukwa kunyumba kunalibe cholowa. Anakakamira makampani a inshuwalansi mpaka m'chaka cha 1983 pangano loyamba la mtunduwu linayamba kugulitsidwa m'dzikolo. Munali matenda anayi okha: khansa, sitiroko, heart attack (kutsekeka kwa mtsempha wa mtima), ndi opaleshoni yolambalala mitsempha ya mtima yotsekeka. Lero makampani ena amalemba matenda 30, ena oposa 50, kuphatikizapo impso kusiya kugwira ntchito, kuikidwa chiwalo cha munthu wina, kusaona, ndi kufa ziwalo. Mndandanda wautaliwo usakukopeni. Anthu ambiri amene amalandira ndalamazi amalandira chifukwa cha matenda atatu oyamba aja. Ndipo sizodabwitsa: bungwe la WHO limati matenda a mtima ndi mitsempha ndiwo amapha anthu ambiri padziko lonse, pafupifupi 17.9 miliyoni m'chaka cha 2019, ndipo m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 20 miliyoni anapezeka ndi khansa. Pangano la matenda 12 lomwe lafotokoza bwino khansa, sitiroko ndi mtima likhoza kuposa la matenda 50 lomwe atatuwa lawamangirira mfundo zovuta.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Kampani siilipira chifukwa choti mwadwala kwambiri. Imalipira ngati matenda anu akufanana ndi mawu omwe alembedwa papepala. Dzina la matenda m'kamwa mwa dokotala ndi tanthauzo lake m'pangano si zinthu zofanana nthawi zonse, ndipo anthu ambiri amene amalira kuti inshuwalansi yawabera amakhala atagwa pamenepa.

Titenge sitiroko, popeza ndiyo ikukudetsani nkhawa. Mapangano ambiri amafuna kuti pakhale umboni wa sikani wosonyeza kuti mbali ya ubongo yawonongeka, komanso kuti vuto lotsalira likhalepo, monga dzanja losagwira, kuyenda movutika kapena lilime lolemera. Ena amati dokotala ayezenso pakatha miyezi itatu kuti aone chomwe chatsala. Pali kasitiroko kena komwe madokotala amakatcha TIA: pakamwa papindika, mawu asokonekera, koma tsiku lisanathe zonse zabwerera mwakale. Ndi chenjezo loopsa, munthu ayenera kuthamangira nalo kuchipatala, koma pafupifupi mapangano onse salipira pa kameneka. Ku mtima nakonso n'chimodzimodzi. Heart attack imachitika mtsempha wotengera magazi ku mtima ukatsekeka, mbali ya mnofu wa mtima n'kufa. Kampani imafuna kuona zotsatira za ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima) ndi kuchuluka kwa troponin m'magazi, chomwe chimakwera mnofu wa mtima ukawonongeka. Kupweteka kwa pachifuwa kobwera chifukwa choti mitsempha yachepa, kopanda kufa kwa mnofuwo, sikuwerengedwa, ngakhale kutakugonekani m'chipatala sabata yathunthu. Impso nazo, mapangano ambiri amalipira pokhapokha zonse ziwiri zitalephereratu moti mukufunika makina osefa magazi mpaka kalekale.

Khansa ndiye imapusitsa anthu kwambiri. Munthu akamva liwu limeneli amaona ngati nkhani yatha, ndalama ituluka. Koma mapangano ambiri amafuna chotupa chomwe chayamba kulowerera m'minofu yoyandikana nacho. Khansa yomwe yapezeka idakali pamalo pomwe yayambira, monga zimachitikira ndi ya m'mawere kapena ya khomo la chiberekero ikagwidwa msanga, makampani ena saiwerenga n'komwe, ena amapereka kagawo kochepa chabe. Khansa zambiri zapakhungu nazonso amazichotsamo. Zikumveka zokhota, kuti amene wapezeka msanga ndiye alandire zochepa. Kampani imaganiza motere: wopezeka msanga amachira msanga ndipo amabwerera kuntchito msanga. Zimenezi zisakuletseni kukayezetsa. Kuli bwino kupezeka msanga n'kulandira pang'ono kusiyana n'kulandira zonse muli chigonere.

M'mayiko ena ayesa kukonza chisokonezochi. Ku Britain, bungwe la makampani a inshuwalansi la ABI linaika matanthauzo omwe pangano siliyenera kutsika pansi pake, ndipo khansa, sitiroko ndi heart attack siziyenera kusowamo. Ku South Africa makampani anagwirizana zogawa matenda anayi oyamba aja m'magawo anayi malinga ndi kukula kwake, ndipo kampani iliyonse imaonetsa kuti pa gawo lililonse imalipira zochuluka bwanji. Kampani ina ikhoza kupereka zonse ngakhale matenda ali pa gawo lotsika, ina n'kupereka kotala yokha. Inu funsani wogulitsayo kuti pangano lake ndi la mtundu uti, lolipira zonse kapena osalipira konse, kapena lolipira malinga ndi kukula kwa matenda. Ndipo musakhutire ndi kapepala kokongola kotsatsira malonda kaja. Pemphani chikalata chenicheni chokhala ndi matanthauzo, mupite nacho kunyumba, muwerenge mutakhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomwe simukumva, muonetseni dokotala amene amakulemberani mankhwala a BP uja, mumufunse kuti: mwa odwala sitiroko amene mumawaona, kodi ambiri angakwane m'mawu awa?

Palinso magulu awiri a masiku oti muwadziwe. Oyamba ndi odikira mukangolowa kumene, kawirikawiri amakhala 90. Matenda akapezeka mkati mwa masiku amenewa, makamaka khansa, kampani siilipira. Achiwiri ndi oti mukhale moyo matendawo atapezeka, kawirikawiri pakati pa 14 ndi 30. Munthu akamwalira masikuwo asanakwane, inshuwalansi iyi siitulutsa kanthu, imeneyo imakhala ntchito ya inshuwalansi ya moyo.

Tsopano za BP yanu ndi za bambo anu. Fomu yofunsira idzakufunsani ngati muli ndi matenda aliwonse, mankhwala omwe mumamwa, ngati mumasuta, komanso ngati kholo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo mtima, sitiroko kapena khansa asanafike zaka 60 kapena 65. Zaka 58 zikugwera mkati. Lembani zonse, ndi dzanja lanu. Wogulitsa wina amene akuthamangira komishoni akhoza kukuuzani kuti BP ndi kanthu kakang'ono, aliyense ali nayo, musavutike kuitchula. Musamumvere. Tsiku lomwe mudzapemphe ndalama, kampani idzaitanitsa zolemba zanu zonse zakuchipatala, ndipo ikadzapeza kuti munkamwa mankhwala musanasaine koma simunanene, ikhoza kukana kulipira kapena kuthetsa pangano lonse. Wogulitsa uja pa nthawiyo adzakhala ali kwina. Madzi akatayika saoleka: mudzakhala mutalipira zaka zambiri, ndipo kukanidwako kudzakupezani muli pa mphasa ya matenda.

Mukanena zoona, zinthu zitatu zikhoza kuchitika. Ngati BP yanu ikumvera mankhwala ndipo mulibe shuga, simusuta, akhoza kukulandirani pa mtengo wa aliyense kapena wokwererako pang'ono. Akhozanso kukweza mtengo kwambiri. Kapena akhoza kukulandirani koma n'kuchotsamo sitiroko ndi matenda a mtima. Chachitatuchi chiyang'aneni ndi maso awiri, chifukwa mukhala mukugula denga lobooka pamwamba pa bedi penipeni. Makampani saona zinthu mofanana, choncho imodzi ikakuchotserani, kafunseni kwina musanagonje.

Funso lina lomwe anthu ambiri saliganizira: kodi inshuwalansi imeneyi ikuima payokha, kapena ikutapa mu ya moyo ija? Wogulitsayo wati "muwonjezere", ndipo liwu limenelo landichititsa kukayika. Mapangano ambiri owonjezera amagwira ntchito ngati kutenga ndalama ya moyo nthawi isanakwane. Tinene kuti ya moyo ndi magawo 100 ndipo ya matenda ndi magawo 40. Mukadwala n'kulandira 40, ana anu adzalandira 60 yokha mukadzamwalira. Mtundu umenewu ndi wotchipirako, ndipo si woipa ngati mukudziwa chomwe mwagula. Woima pawokha ndi wodula, koma sukhudza ya ana. Kwa mayi wa ana atatu amene ali ndi ngongole ya zaka 11, kusiyana kumeneku si kwa masewera.

Ndikuuzeninso zomwe inshuwalansiyi siingakuchitireni, poti wogulitsa sangayambe yekha nkhani imeneyi. Zomwe zimachotsa anthu ambiri pantchito kwa miyezi si khansa yokha. Ndi msana, mafupa othyoka pangozi, matenda a maganizo, mimba yovuta. Zonsezi kawirikawiri sizipezeka pa mndandanda. Pali inshuwalansi ina yoteteza malipiro, yomwe imakupatsani gawo la malipiro anu mwezi ndi mwezi ngati dokotala watsimikiza kuti simungagwire ntchito, posayang'ana dzina la matenda. Ine ndikapatsidwa mwayi wosankha imodzi yokha, kwa munthu wodalira malipiro ngati inu, ndimayamba kuyang'ana imeneyo, ngati ikupezeka komwe muli. Ya matenda aakulu imaposa pa ichi: ndalama yambiri kamodzi, yotha kudula ngongole pakhosi. Komanso imalipira ngakhale mutachira n'kubwerera kuntchito.

Dziwaninso kuti iyi si ndalama yosunga. Mukafika kumapeto kwa pangano, mwina pa zaka 65 kapena 70, muli bwinobwino, mapangano ambiri sabweza kalikonse. Ena zimenezi zimawawawa. Ine ndimati ngati zatero mwapambana, koma ndi bwino kudziwiratu. Mukasiya kulipira, pakangodutsa masiku ochepa omwe amakupatsani, kawirikawiri pafupifupi mwezi, chitetezo chimatha. Choncho musayese mtengo ndi mwezi womwe bizinesi ya bambo akunyumba yayenda bwino. Uyeseni ndi mwezi wouma. Funsaninso ngati ndalama yolipira pamwezi idzakhala yomweyo mpaka kumapeto, kapena kampani ili ndi ufulu woikweza. Mapangano ena amayamba motchipa n'kumakwera ndi msinkhu, moti munthu amatopa nawo ali ndi zaka za m'ma 50, pomwe matendawo ayamba kuyandikira.

Nanga mutenge yochuluka bwanji? Musayambire pa nambala yomwe wogulitsa wabwera nayo. Yambirani pa nyumba yanu. Tiyerekeze kuti zofunika zenizeni, pamodzi ndi ngongole, zimadya magawo 8 mwa magawo 10 a malipiro anu, ndipo mukufuna kuti banja liime kwa miyezi 18 inu musakugwira ntchito. Ngati abwana anu amalipirabe wodwala kwa miyezi itatu, yatsala 15. Miyezi 15 ya zofunikazo ndi malipiro a miyezi 12. Chotsanipo zomwe munasunga, tinene za miyezi iwiri, kenaka bwezeranipo za maulendo a kuchipatala, wokusamalirani ndi mankhwala omwe sikimu siilipira. Mupeza kuti mukuzungulira pa malipiro a chaka chimodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ikanimo anu. Amene akufuna kuti ngongole ya nyumba itheretu awonjezere zomwe zatsala kubanki, koma mtengo ukwera kwambiri. Njira yochepetsera ndi kutenga pangano lomwe ndalama yake imatsika chaka ndi chaka motsatira ngongole, n'kutha pamodzi nayo pakatha zaka 11.

Kukwera mitengo kwa zinthu nakonso kumadya pangano mwakachetechete. Zinthu zikamakwera ndi 10 pa 100 chaka chilichonse, ndalama yomwe mwalemba lero imakhala itatsala theka la mphamvu zake pakatha zaka pafupifupi 7. Zikamakwera ndi 20 pa 100, sizifika n'komwe zaka zinayi. Makampani ena amalola kuti ndalama yodzalandira izikwera chaka ndi chaka, yolipira pamwezi n'kumakweranso. Kumene ndalama imagwa mphamvu msanga, pangano losakwera limakalamba mwini wake asanakalambe.

Si aliyense amene akufunika inshuwalansi imeneyi. Munthu wopanda omudalira ndi wopanda ngongole, kapena amene anasunga zokwanira chaka chimodzi kapena ziwiri, kapena banja lomwe malipiro a mmodzi akhoza kunyamula nyumba yonse, akhoza kuidumpha osadandaula. Komanso amene alibe ngakhale ya mwezi umodzi yosunga, kapena ali ndi ngongole za chiwongoladzanja chokwera, ayambe wakonza zimenezo, chifukwa mavuto ang'onoang'ono ndiwo amabwera kawirikawiri.

Inu simuli m'magulu amenewa. Nyumba yanu yaima pa malipiro amodzi odalirika, ndipo malipirowo aima pa thupi lanu. Pali ana atatu, pali banki. Sikimu ya zachipatala nayo ndi ya kuntchito, kutanthauza kuti matenda akadzakuchotsani pantchito, ikhoza kupita limodzi ndi malipiro pa nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Ndiye yankho langa ndi lakuti inde, mpata womwe wogulitsayo akuloza ulipodi. Chomwe sindinavomereze ndi chakuti pangano lakelo ndilo lingautseke.

Musanakumane nayenso, pitani kubanki mukafunse ngati ngongole ya nyumba ili ndi inshuwalansi yake, ndipo ngati ilipo, ikulipira pa imfa yokha kapena ndi pa kulumala ndi matenda aakulu omwe. Anthu ambiri amalipira imeneyi mkati mwa ngongole osadziwa. Pitaninso ku ofesi yoona za antchito mukafunse kuti wodwala amalipidwa kwa miyezi ingati, komanso ngati inshuwalansi ya gulu kapena ya penshoni ili ndi gawo la kulumala. Mwina mupeza kuti theka la mpata uja ndi lotseka kale, ndipo mufunika yochepa kuposa yomwe akukutsatsani. Mayankho onsewa awalembe papepala, a pakamwa sadzakuthandizani tsiku la mlandu.

Kenaka lembani fomu kumakampani awiri kapena atatu ovomerezeka ndi boma, mutatchula BP, mankhwala ake, ndi zaka zomwe bambo anu anadwalira. Tengani zolemba za kuyezedwa kwa BP kwa miyezi ingapo yapitayi, chifukwa manambala abwino amatsitsa mtengo. M'mayiko ambiri lamulo limapatsa wogula masiku angapo oti asinthe maganizo atasaina n'kubwezeredwa ndalama yake, choncho funsani kuti kwa inu ndi angati. Akakuyankhani, tsegulani kaye tsamba la zomwe achotsamo musanayang'ane mtengo. Mukapezapo sitiroko, musasaine, ndilembereninso tione ngati yoteteza malipiro ija singakuyenereni bwino.